Kokakwera phiri ndi mnzanga Loweruka

Wa ku Mufakose: Abale anga, ine ndi mnzanga tikufuna kukakwera phiri Loweruka n'kubwerako tsiku lomwelo. Kodi tingapite kuti kufupi ndi Harare popanda galimoto yathuyathu?

Mayi a ku Highfield: Pitani ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, ndipo makombi (maminibasi) amafika kumeneko. Thanthwe lake si lovuta kukwera, ndipo m'phanga muli zithunzi zakalekale zojambulidwa pamwala. Mulawirire, chifukwa dzuwa likakwera mwalawo umatentha ndipo mthunzi ndi wochepa.

Bambo a ku Mbare: Phiri la Ngomakurira ndi lalitali kuposa la Domboshava, limafuna nsapato zosaterereka. Ine ndimakonda limenelo, chifukwa mukafika pamwamba muli wefuwefu, mumakhala pansi n'kugawana chimanga chootcha, nkhani n'kumangobwera zokha.

Wa ku Mufakose: Zikomo kwambiri, tiyambira ku Domboshava.