Apozi sakubereka, malalanje akuwawa, mapichesi ali ndi mphutsi: ndithandizeni

aNgozo, Ulongwe

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pakhomo pali mtengo umodzi wa apozi wa zaka 6, wochokera ku njere ya apozi wogula m'sitolo. Wakula bwino, koma masamba sayoyoka onse, maluwa amabwera apa ndi apo, chipatso ayi. Malalanje atatu ali ndi timatuza pamasamba, zipatso zake n'zazing'ono, zopendekeka komanso zowawa. Mapichesi amabereka kwambiri koma pofika Novembala ambiri amakhala ndi mphutsi. Mng'ono wanga wa ku Moatize akufunanso mbande za mitengo yomweyi. Ndiyambire pati?

aPhiri, Domue

aNgozo, ndiyambe ndi apozi. Vuto lili pa mtundu wake. Maapozi a m'sitolo ambiri amachokera ku South Africa, mitundu ngati Golden Delicious ndi Granny Smith, ndipo imeneyi imafuna maola oposa 600 ozizira pansi pa madigiri 7 kuti maso ake adzuke pamodzi. Angonia, boma lathu lino la ku Mozambique, ndi wozizira, inde, koma Juni ndi Julayi wathu safika pamenepo, makamaka pa Ulongwe pomwe pali pamamita pafupifupi 1,300. Ndiye mtengo umagona mwatheka, diso lina kudzuka lero, lina mwezi wa mawa, ambiri osadzuka n'komwe. Kuwonjezera apo, mtengo wa njere sutengera kholo lake.

Musaudule. Mizu ya zaka 6 ndi chuma, ingousinthani mutu. Pezani timitengo ta Anna ndi ta Dorsett Golden, mitundu imene imakhutira ndi maola 200 mpaka 300. Ziwirizi ziyendere limodzi chifukwa zimachita maluwa nthawi imodzi ndipo Anna amabereka bwino akalandira mungu wa mnzakeyo. Mutha kuziika pa mtengo umodzi womwewo, nthambi iyi Anna, iyo Dorsett.

Kumezanitsa kuchitike mu Julayi, maso asanatupe. Sankhani nthambi zitatu kapena zinayi zonenepa masentimita 3 mpaka 5, muzidule ndi sowo, kenako mung'ambe pakati pa chitsa chilichonse ndi mpeni kulowa masentimita 4 kapena 5. Kamtengo kolowetsa kakhale kukula ngati pensulo, ka maso atatu, kosongoledwa mbali ziwiri ngati nkhwangwa. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amakaika pakatikati pa chitsa. Kaikeni m'mphepete, kuti kachikopa kobiriwira kapansi pa khungwa lake kakhudzane ndi ka chitsacho, poti m'menemo ndi momwe zimalumikizirana. Mangani zolimba ndi kansalu ka pulasitiki, tsekani pamwamba ndi phula la njuchi kapena la kandulo kuti pasaume. Siyani nthambi imodzi yakale idyetse mizu, mudzaichotse chaka chamawa. Mphukira zonse zotuluka pansi pa chilumikizocho muzizithyola zikadali zanthete.

Mtengo ukakhazikika, chaka chilichonse kumapeto kwa Julayi pululani masamba onse otsala ndi manja, ndipo nthambi zoloza kumwamba muziweramitse ndi chingwe chomangirira pachikhomo mpaka zigone chammbali. Nthambi yoima njo imangotulutsa masamba kunsonga, yogona ndiyo imatulutsa timphanda ta maluwa m'litali mwake monse. Mukatero thirirani ndowa ziwiri za malita 20 kawiri pa mlungu, chifukwa maluwa amabwera mu Ogasiti kuli gwa.

Nabanda, Tsangano

Zimene anena aPhiri n'zoona. Ine ndilankhule za malalanjewo, ndipo mundikhululukire, achimwene, nkhani yake si yokoma.

Timatuza timeneto amapanga ndi kachilombo kakang'ono kotchedwa Trioza erytreae. Tembenuzani tsamba: pansi pa thuza lililonse pali kadzenje, ndipo m'masamba anthete mupezamo kamwana kake kophwatalala, kachikasu, katamatirira. Matuzawo paokha sapha mtengo. Choopsa n'chakuti kachilomboka kamanyamula bakiteriya wa matenda a greening, ndipo kachilombo ndi matenda omwe zimakonda malo okwera ndi ozizira ngati kwathu kuno.

Musanagwire nkhwangwa yesani ziwiri izi. Tengani tsamba lachikasu mulipinde potsata mtsempha wapakati. Ngati mawanga a mbali iyi akufanana ndi a mbali inayo, imeneyo ndi njala ya m'nthaka, kawirikawiri kusowa kwa zinki, ndipo imachizika. Ngati mawangawo ali balalabalala osafanana, ganizirani greening. Kenako dulani chipatso chopendekekacho kuchoka ku phesi kutsika. Cha greening mtima wake umakhala wokhota, njere zake zofota ndi zoderapo, ndipo kumunsi kwake kumatsala kobiriwira ngakhale kumtunda kwapsa.

Zikapezeka zonsezi, mankhwala palibe. Ngati ndi nthambi imodzi yokha, ena amaidula pafupi ndi thunthu n'kudikira, koma pa mitengo imene zipatso zonse zikuwawa kumeneko n'kutaya nthawi. Zulani ndi chitsa chomwe, chifukwa mphukira za pachitsa zimakhalanso ndi matendawo. Musatengepo diso lokaphatikiza kwina, ngakhale panthambi yooneka yabwino. Matendawa amayenda kwambiri ndi mbande, ndiye mbande ya pamsika wa m'malire ngati pa Lizulu, imene simukudziwa kholo lake, muziyang'ana tsamba ndi tsamba. Alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma, angakulozereni kopeza mbande zodalirika.

Pobzalanso, tengani zophatikiza pa tsinde la mandimu a khungu lokhakhala, motalikirana mamita 6. Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana. Chilumikizo chitsale pamtunda, chikhatho chimodzi kuchoka padothi, apo ayi thunthu limayamba kutuluka utomoni n'kuola. Ndipo nthawi yoyang'anira ndi pomwe mtengo ukuphuka, chifukwa kachilombo kaja kamaikira mazira pansonga zanthete zokha. Mtengo wa mandimu umaphuka pafupipafupi, choncho ukakhala pafupi umasanduka khola lake.

aJere, Zobue

Mphutsi za m'mapichesi ndi ana a ntchentche ya zipatso. Yaikazi imaboola khungu chipatso chikayamba kusintha mtundu, mphutsi imadya m'kati, chipatso chikagwa imalowa m'dothi, pakapita milungu iwiri kapena itatu yatuluka ntchentche ina. Choncho ntchito yaikulu ili pansi pa mtengo. Tolani zakugwa zonse tsiku lililonse, muziike m'thumba lakuda la pulasitiki lopanda chiboo, mumange pakamwa, likhale padzuwa mlungu wathunthu. Kapena zikwirireni kupitirira theka la mita. Kuzitaya kudzala ndi kuweta ntchentche. Magwafa ndi mango akugwa achitidwenso chimodzimodzi.

Chenjezo pa misampha yogula. Ya mankhwala a fungo otchedwa methyl eugenol imakoka zazimuna za mtundu wa Bactrocera dorsalis, umene unapezeka koyamba m'dziko muno la Mozambique ku Cuamba mu 2007 ndipo umavutitsa kwambiri mango. Ntchentche za mtundu wa Ceratitis, zimene zimakonda mapichesi kumalo ozizira, sizibwera ku fungo limenelo. Pa izi pangani wanu: botolo la madzi lobooledwa mabowo anayi olowa pensulo chakumtunda, m'kati madzi, yisiti pang'ono ndi shuga, mulipachike pamthunzi m'kati mwa mtengo ndi kusintha mlungu uliwonse. Limagwira zazikazi zomwe.

Ndiponso mwati amabereka kwambiri. Patulirani zipatso zikadali ngati nsawawa yosasenda, chimodzi pa masentimita 15 mpaka 20 alionse. Zotsalazo zimakula, ndipo poti zachepa mutha kuziveka timatumba ta pepala patatsala mwezi kuti zipse. Pa mitengo iwiri itatu ya pakhomo, timatumba timaposa mankhwala.

aPhiri, Domue

Ndiwonjezere pa mapichesi. Pichesi amabereka pa nthambi imene inakula chaka chathachi basi, ndiye osadulira zipatso zimathawira kunsonga chaka ndi chaka. Mu Juni kapena Julayi chotsani nthambi yapakati, musiye zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zotambasuka ngati dengu, dzuwa lizilowa. Ndipo mitengo yochita maluwa msanga ngati iyi isabzalidwe kumunsi kwa dambo. Mpweya wozizira umatsetsereka usiku n'kukadikha kumeneko, chisanu n'kuwaula maluwa. Pamtsetse ndiye pabwino. Mapeyala nawonso asapite kudambo, mizu yake imaola madzi akaima masiku ochepa chabe, abzaleni pa mulu.

aJere, Zobue

Za ku Moatize: apozi ndi pichesi asavutike nazo. Kumeneko ndi kuchigwa cha Zambezi, Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, kuzizira kogoneka mtengo kulibe. Abzale mango omezanitsa, Kent, Keitt kapena Tommy Atkins pa tsinde la mango akumudzi, motalikirana mamita 8 mpaka 10, kuphatikizapo mapapaya, mandimu ndi masau, amene safuna n'kuwapembedza komwe. Malalanje amachita bwino ngati madzi alipo, ndipo greening wa kuno sapirira kutentha koteroko. Angodziwa kuti kumalo kumene usiku sikuzizira lalanje limapsa khungu likadali lobiriwira, ndiye alawe, asadikire mtundu.

Abzale mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Chaka choyamba amange kampanda ka udzu kotchinga dzuwa la masana ndi mbuzi, thunthu alipake laimu wosungunula kuti khungwa lisapse. Udzu wophimbira pansi utalikire thunthu masentimita 15 chifukwa cha chiswe. Kuthirira kukhale kwa ndowa ziwiri nthawi imodzi m'beseni lozungulira mtengo, madzulo, osati kapu kapu tsiku ndi tsiku, kuti mizu itsike pansi.

Nabanda, Tsangano

aNgozo, mbande za malalanje za pakhomo panupo zisapite ku Moatize, ngakhale za njere zimene zamera pansi pa mitengo yodwalayo, poti kachilombo kaja kakhala kakuziyamwa kale. Mukadula chipatso chija mutiuze mmene njere zikuonekera.