Driver ya Wi-Fi ikukana kukompaila pa kernel 6.8, thandizeni

Mwale, Mufakose: Zikomo akuluakulu. Laputopu ili ndi Ubuntu 22.04, Wi-Fi ndi ya ka dongle ka USB, lamulo la lsusb likuonetsa nambala yake kuti ndi 0bda:b812, ndipo driver yake ndinaitenga pa GitHub. Nditapanga apt upgrade, kernel (mtima wa Linux) yakwera kufika 6.8 ndipo dkms, pulogalamu yokompaila ma driver akunja, ikungoti "Bad return status for module build on kernel". Panopa intaneti ndikukoka pa foni, bandulo ikupita ngati madzi. Ndifufute zonse n'kuyambiranso?

Nabanda, Highfield: Ayi achimwene, musafufute kanthu. Uthenga umenewo umangonena kuti zakanika, chifukwa chake chili mu make.log. Pitani ku /var/lib/dkms/, lowani mufoda ya driver yanu, kenako ya nambala yake, kenako build. Mutipatse mzere WOYAMBA wa error, osati womaliza. Muonenso ngati ma headers (mafayilo a kernel ofunika pokompaila) alipo: sudo apt install linux-headers-$(uname -r).

Mwale: Ma headers alipo achemwali. Mzere woyamba ukuti: unrecognized command-line option '-ftrivial-auto-var-init=zero'.

Nabanda: Imeneyo ndi nkhani ya gcc, pulogalamu yokompailira kodi. Ubuntu 22.04 imabwera ndi gcc 11, koma kernel yanuyo anaimanga ndi gcc 12, ndipo gcc 11 sidziwa lamulo limenelo. Lembani cat /proc/version mudzionere nokha. Mankhwala ake: sudo apt install gcc-12, kenako sudo dkms autoinstall.

Mwale: Imeneyo yachoka, koma kwatulukira ina: implicit declaration of function 'strlcpy'.

Phiri, Mbare: Apa ndiye pagona nkhani, aMwale. Ma function a m'kati mwa kernel sakhala chimodzimodzi mpaka kalekale, amasinthidwa kapena kuchotsedwa. Akatero, opanga kernel amakonza ma driver okhawo amene ali m'kernel momwemo; anu otenga pa GitHub sawakhudza. strlcpy anaichotsa mu 6.8, m'malo mwake muli strscpy. Ndi zomwenso zinachitika mu 6.4 pamene class_create inasiya kulandira THIS_MODULE, ma driver ambiri akunja anagwa. Ndiye kodi yanuyo ndi yakale kuposa kernel, basi.

Kuti Wi-Fi ibwerere lero lomwe, yatsaninso laputopu mutagwira Shift kapena mukudina Esc, sankhani "Advanced options for Ubuntu", mulowe ndi kernel yakale. apt imasiya imodzi yam'mbuyo. Musathamangire apt autoremove musanakonze vutoli.

Mutha kusinthanso strlcpy kukhala strscpy pamanja mu /usr/src/, koma ine sindikulangizani zimenezo. Ziwirizi zimabweza manambala osiyana, komanso mukatseka bowo limodzi lina limatseguka.

Nabanda: AMwale, musanapite patali: 0bda:b812 ndi chip ya Realtek RTL8822BU, ndipo kuyambira 6.2 kernel ili nayo kale driver yake ya USB, rtw88_8822bu. Mwina simukufunikira kukompaila chilichonse. Onani dzina ndi nambala ya driver yanu yakunjayo pa dkms status, muichotse ndi sudo dkms remove dzina/nambala --all. Kenako lembani grep -r rtw88 /etc/modprobe.d/, chifukwa ma driver ena akunja amasiya blacklist yotsekereza ya m'kernel. Mukaupeza mzerewo ufufuteni, muzule dongle n'kuibayanso, muone dmesg. Ikadandaula za firmware, ikani linux-firmware.

Phiri: Zoona amayi, ndinaiphonya imeneyo. Koma ena amene chip yawo sinalowe m'kernel amve izi: pa 22.04 kernel inakwerakwera mpaka 6.8 chifukwa cha phukusi la HWE, linux-generic-hwe-22.04. Ofuna bata aike linux-generic, imakhala pa 5.15 n'kumalandirabe zokonza za chitetezo. Kungoti GRUB, pulogalamu yosankha kernel poyatsa, imasankha ya nambala yaikulu, ndiye mukalowa ndi 5.15 muchotse za HWE. Ndipo ngati yakompaila bwino koma modprobe ikuti "Key was rejected by service", ameneyo ndi Secure Boot (chitetezo chokaniza ma driver osasainidwa), si kernel. Lamulo la mokutil --sb-state likuuzani ngati ndi yoyatsa.

Chinanso, ndi mmene magetsi akuzimira kunoku, musayambe kuika kernel batire lili pafupi kutha. Zikaduka pakati, yambani ndi sudo dpkg --configure -a.

Mwale: Blacklist inalipodi. Ndaichotsa, ndabayanso dongle, manetiweki akuoneka tsopano pa 6.8. Zikomo kwambiri aNabanda ndi aPhiri. Nanga gcc-12 ija ndiichotse?

Nabanda: Isiyeni. Tsiku lomwe mudzaike VirtualBox kapena driver ya NVIDIA, dkms idzaifunanso.