Kodi mlendo wodzipereka ankakhala bwanji mu Harare pamene asilikali anatenga mzinda mu 2017?

Namwino wa ku Ntcheu

Moni nonse akuluakulu. Ndafika mu Harare mwezi wathawu kudzagwira ntchito yodzipereka kwa chaka chimodzi pa kachipatala kena ka mpingo, ndipo ndikusungidwa ndi banja lina ku Highfield. Pakati pa mapepala amene bungwe lathu linatipatsa pali tsamba lonena zoyenera kuchita asilikali akalanda boma, koma zonse zimene likunena n'zakuti tikhale m'nyumba n'kumadikira uthenga. Mayi anga kumudzi nditawauza zimenezi sanaone tulo. Ndikupempha amene munali kuno mu Novembala 2017, makamaka amene munali alendo ngati ine, kuti mundifotokozere mmene tsiku linkathera. Kodi munkapita kuntchito? Chakudya munkachipeza bwanji, nanga mlendo ankaonedwa motani?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Takulandirani achemwali. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha miyezi isanu ndikuphunzitsa mongodzipereka pa malo ena osamalira ana ku Mbare. Nkhani inayamba kununkha pa 6 Novembala pamene a Robert Mugabe anachotsa wachiwiri wawo, a Emmerson Mnangagwa, ndipo pa 13 mkulu wa asilikali, a Constantino Chiwenga, anachenjeza poyera kuti asilikali angathe kulowererapo. Lachiwiri pa 14 madzulo zithunzi za magalimoto ankhondo olunjika mumzinda zinali ponseponse pa WhatsApp. M'bandakucha wa Lachitatu bambo a panyumba anagogoda pachitseko changa kuti ndidzaone wailesi yakanema. Pa ZBC, wailesi yakanema ya boma, panali a Major General Sibusiso Moyo atavala yunifolomu, akuwerenga kuti a Mugabe ndi banja lawo ali bwinobwino, kuti asilikali akungofuna zigawenga zimene zawazungulira, ndiponso kuti kumeneku sikunali kulanda boma. Bambo aja anangogwedeza mutu n'kuuza akazi awo kuti atereke madzi a tiyi.

Bungwe langa linandiimbira m'mawa kuti ndisatuluke, ndipo ndinamvera. Koma panja maminibasi, amene kuno amati makombi, ankayenda, ndipo amayi ankapita ku Mbare Musika kukapikula tomato monga mwa masiku onse. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ana ena anabwerabe pamalo pathu paja, poti ambiri mwa iwo phala la pamenepo ndi limene linali chakudya chawo cha m'mawa, ndipo kiyi wa chipinda chosungira ufa anali m'thumba mwanga. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa litakwera kenako n'kubalalika ndi njala. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizirako zoti kiyiyo azikhala ndi munthu wokhala pafupi.

Lachisanu ndinalowa m'tauni. Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo panali galimoto yankhondo itatseka msewu, asilikali atakhala pamwamba pake, pamene chapatali pang'ono mayi wina ankagulitsa nthochi mosatekeseka. Apolisi amene ankaimitsa makombi pakona iliyonse anali atazimiririka, moti ulendo unafupika ndipo madalaivala anali kumwetulira. Chotopetsa kwenikweni chinali foni. Abale ku Dedza ankaona akasinja pa wailesi zakunja n'kumaganiza kuti mzinda wonse uli pamoto, ndipo mphekesera zinkabwera ola lililonse. Loweruka pa 18 ndinatsagana ndi anzanga ku bwalo la Zimbabwe Grounds ku Highfield kukaona chinamtindi cha anthu ofuna kuti a Mugabe atule pansi udindo, ndipo ndinajambulitsa ndi msilikali.

Mayi wa ku Mufakose

Mwana wanga, a mphunzitsi afotokoza bwino, koma aiwala nkhani ya ndalama, imene kwa ife amayi ndiyo inali nkhondo yeniyeni. Asilikali asanatuluke n'komwe, anthu ankagona pamizere ya kubanki chifukwa ndalama zogwira pamanja zinali zitasowa. Tinali ndi ma bond note, ndalama zamapepala zolowa m'malo mwa madola a ku America, amene anayamba mu Novembala 2016, ndipo zinthu zambiri tinkalipira ndi EcoCash pafoni. Ine ndinkasunga mtsikana wina wodzipereka wochokera ku Zomba, amene ndalama zake zonse zinali pa khadi. Masabata amenewo ankadya zanga, ndipo sindinadandaule, koma iye ankachita manyazi ngakhale kupempha ya kombi.

Lero kuli ndalama ya ZiG, imene inabwera mu Epulo 2024, koma malangizo anga sanasinthe. Musunge madola a ku America ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa wogulitsa masamba sangakupezereni chenji cha 50. M'nyumba musasowe thumba la ufa la makilogalamu 10, nyemba, mafuta ophikira, makandulo ndi zigubu za madzi. Manambala a foni a bungwe lanu ndi a ofesi ya kazembe wa Malawi muwalembe papepala, ndipo mukalembetse dzina lanu kwa kazembeko. Mu 2017 intaneti inkagwira, koma mu Januwale 2019, pa zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta, boma linaitseka ndipo tinakhala masiku angapo osamvana ndi abale. Mayi anu muwauziretu kuti foni ikakhala zii asathamangire kulira.

Agogo a ku Mbare

Ine ndinabadwira konkuno. Bambo anga anachokera ku Dowa nthawi ya atsamunda, pa magalimoto a Ulere amene ankatuta anthu ofuna ntchito. Ndili ndi mawu kwa a mphunzitsi a ku Dedza, ndipo andikhululukire. Pa 18 paja inenso ndinaguba, koma ndinaguba ndili nzika. Kwa zaka zambiri zitupa zathu zinkatisonyeza kuti ndife akunja ndipo sitinkaponya voti, kufikira malamulo a dziko a 2013 atavomereza kuti obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Inu munali ndi chilolezo chodzathandiza ana, osati chodzasankhira eni dziko mtsogoleri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Lamulungu pa 19 usiku a Mugabe analankhula pa wailesi yakanema osatula pansi udindo, ndipo ambiri tinagona mitima ili m'mwamba. Zikanatembenuka, chithunzi chanu chija chikanaika m'mavuto inu, bungwe lanu ndi banja limene linkakusungani.

Chisangalalo chinalipo ndithu Lachiwiri pa 21, pamene sipikala a Jacob Mudenda anawerenga kalata ya a Mugabe yotula pansi udindo, munthu atalamulira zaka 37. Mahutala analira usiku wonse, ndipo pa 24 a Mnangagwa analumbiritsidwa ku National Sports Stadium. Koma mdzukulu wanga wa ku Ntcheu, usatengere pamenepo kuti asilikali mumsewu ndi anzako. Pa 1 Ogasiti 2018, chisankho chitangochitika, asilikali anaombera anthu pakati pa mzinda womwewu ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira. Ena mwa iwo sanali pa zionetsero n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Agogo, mwanena zoona ndipo sindikutsutsa. Mayi a panyumba anandikalipira tsiku lomwelo, ndipo chithunzicho ndinachifufuta ndisanagone.

Namwino wa ku Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse. Zimbabwe Grounds ili pafupi ndi kumene ndikukhala, moti ndimadutsapo popita kuntchito. Mawa ndikafunsa a sisitala oyang'anira kuti makiyi a kabati ya mankhwala amakhala ndi yani ngati ife ogona kutali talephera kufika, poti odwala amene amadzatenga ma ARV mwezi ndi mwezi sangadikire kuti zandale zithe kaye.