Thandizeni: gamma amayeza bwanji mphamvu ya tokamak?

Moni nonse aphunzitsi anzanga. Ndimaphunzitsa fizikisi kuno ku Ulongwe, Angónia, ndiye mwana wina wandipanikiza. Akuti ku Cahora Bassa magetsi amayezedwa pa mawaya, nanga JET ya ku England, tokamak (makina oyesera kupeza mphamvu pophatikiza ma atomu) yomwe sinkatulutsa magetsi, mphamvu yake ankaidziwa bwanji?

Ndinayankha kuti ankawerenga ma neutron (tizigawo ta atomu topanda chaji) a 14 MeV (muyeso wa mphamvu ya tizigawoti) otuluka deuterium ikaphatikana ndi tritium, mitundu iwiri ya haidrojeni. Koma palinso gamma (cheza champhamvu kwambiri) wa pafupifupi 17 MeV, yemwenso angayezere mphamvuyo, wotuluka kawiri kapena katatu pa kuphatikana 100,000. Apa ndiye ndagwira njakata. Mabuku athu a Chipwitikizi ali zii, mnzanga wa ku Moatize wangoseka.

Gamma wochepa chonchi amamusiyanitsa bwanji ndi wochokera m'makoma a tokamak owombedwa ndi ma neutron? Chonde ndifotokozereni mosavuta, Lolemba ndikumana ndi mwanayo.