Abwana akuti ndilembe kalata yochotsa ntchito bambo amene anachedwa ku maliro, kodi lamulo likuti chiyani?

Membala wobisa dzina:

Abale ndi alongo a m'gulu muno, landirani moni. Ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa ena mwa inu timapemphera limodzi, ndipo simungachedwe kuzindikira kampani imene ndikunena. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono yopanga mipando ku Graniteside, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Mayi amene ankaona za anthu ogwira ntchito atapuma chaka chatha, abwana sanalembe wina, koma anangotula mafaelo onse pa desiki panga ponena kuti popeza ndine ndimakonza malipiro, nkhani za tchuthi, machenjezo ndi makontirakiti nazonso ndizitha. Ine ndinaphunzira za manambala, osati malamulo a ntchito, ndipo lero ndakumana ndi nkhani imene yandikulira msinkhu.

Tili ndi bambo ena achikulire, kalipentala, amene agwira ntchito pano zaka 17 ndipo mu faelo yawo mulibe chenjezo ngakhale limodzi. Iwo anabadwira konkuno, koma mayi awo anabwerera kumudzi ku Ntcheu kalekale. Mwezi watha uthenga unafika usiku kuti mayiwo atisiya. M'mawa mwake bambowa anauza kapitawo, amene anawapatsa masiku asanu pakamwa pokha popanda kulemba fomu, ndipo anakwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Anabwerako patatha masiku 13 a ntchito, kutanthauza kuti anapitirira ndi masiku 8. Akuti pokhala mwini mbumba sakanachoka asanamete maliro ndiponso nkhani ya munda isanakambidwe pamaso pa amfumu, komanso ndalama yobwerera inathera pa bokosi ndi chakudya, mpaka ana awo kuno anachita kusonkha. Pa tsiku lomaliza la masiku asanu aja anatumiza uthenga wa WhatsApp kwa kapitawo wopempha masiku ena. Uthengawo ndauona pa foni yawo, ndipo ukuonetsa kuti unawerengedwa, koma sunayankhidwe.

Abwana akwiya kwambiri chifukwa oda ya makabati inachedwa. Andiuza kuti ndilembe kalata yowachotsa ntchito ndipo ndiikepo deti la sabata yatha, ngati kuti inalembedwa iwo asanabwere. Nditaonetsa kukayika, ananena kuti ngati ndikuopa, ndiwapatse notisi ya miyezi itatu basi, kapena ndiwanyengerere asainire kalata yoti asiya okha. Ndikufuna kudziwa ngati pa njira zitatuzi pali ina imene lamulo limalola, komanso ngati ndili ndi mphamvu yodula malipiro a masiku 8 aja pa mwezi uno.

A Phiri a ku Mufakose:

Achemwali, pepani ndi katundu amene mwasenzetsedwa. Ine ndinakhala mu komiti ya ogwira ntchito kwa zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzani zimene ndikudziwa. Musanalembe kalata iliyonse, fufuzani ngati kampani yanu, kapena NEC (khonsolo ya olemba ntchito ndi ogwira ntchito ya gawo lanu) imene muli pansi pake, ili ndi malamulo a mwambo olembetsedwa ku boma, chifukwa ngati alipo ndi amene muyenera kutsata ndondomeko yake. Ngati palibe, mumagwiritsa ntchito malamulo a dziko lonse a mu chikalata cha boma chotchedwa SI 15 ya 2006. Abwana anu mwina anamvapo kuti kujomba masiku asanu kapena kuposerapo ndi mlandu woti munthu angachotsedwe nawo, ndipo zimenezo zilimodi, koma iwo awerenga theka la chiganizo, pakuti mawuwo amapitiriza kunena kuti kujombako kukhale kopanda chilolezo kapena kopanda chifukwa chomveka. Tsono woweruza ngati imfa ya mayi ake a munthu, ulendo wodutsa malire awiri ndi uthenga umene kapitawo anaunyalanyaza zili chifukwa chomveka si abwana ali okha mu ofesi mwawo atakwiya. Zimenezo zimaweruzidwa pa hearing, kutanthauza bwalo lomva mlandu la pantchito.

Ndondomeko ya mu SI 15 ndi yotere. Ngati olemba ntchito akuona kuti pali mlandu, akhoza kumuimitsa munthuyo ndi kalata yofotokoza zifukwa, ndipo kuchokera pamenepo ali ndi masiku 14 a ntchito oti afufuze ndi kumva mlanduwo. Woimbidwa mlandu ayenera kuuzidwa kutatsala masiku osachepera atatu a ntchito, ali ndi ufulu wobwera ndi womuimira, kaya mnzake wa pantchito, wa komiti, wa bungwe la ogwira ntchito kapena loya, ali ndi ufulu woitana mboni ndi kufunsa mafunso mboni za mbali inayo, ndipo akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe. Pamenepo ndi pamene zaka 17 zopanda chenjezo zimalankhula. Gawo 12B la Labour Act, lamulo la za ntchito la dziko lino, limati munthu wachotsedwa mopanda chilungamo ngati olemba ntchito alephera kuonetsa kuti anatsata malamulo a mwambo amenewa.

China chimene mwina simunachione ndi gawo 14B, limene limapereka tchuthi chapadera cha malipiro onse chofika masiku 12 pa chaka, ndipo imfa ya kholo yatchulidwamo pamodzi ndi ya mkazi, mwamuna kapena mwana. Sindikunena kuti munthu azingodzipatsa yekha masikuwo, ayi, koma bambowa anapempha, ndipo lamulo linali ndi malo oti pempho lawo lilowemo.

A Nabanda a ku Mbare:

A Phiri, zimene mwanenazi n'zomveka, koma tisaiwale mbali ya abwana. Ine ndili ndi kashopu kanga ka zosokasoka ndi antchito anayi, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira munthu akasowa pamene kasitomala akuimba foni tsiku ndi tsiku. Ife anthu akumudzi tikapita ku maliro timakhala ngati nthawi yaima, pamene renti ya fakitale siima. Uthenga umene sunayankhidwe si chilolezo, ndipo bambowa akanatha kuimbira abwana enieniwo. Sindikuti achotsedwe, koma masiku amene sanagwire asalipidwe, kuti ena asatengerepo.

A Phiri a ku Mufakose:

Mayi, pa za malipiro simunalakwe kwenikweni, chifukwa gawo 12A limalola kudula ndalama yolingana ndi masiku amene munthu sanabwere, koma pokhapokha ngati masikuwo sali a tchuthi chimene iye ayenera kulandira. Ndiye achemwaliwa asathamangire kudula funso loti masiku 8 aja ndi a mtundu wanji lisanayankhidwe. Akawerengedwa ngati tchuthi chapadera, lotsala ndi tsiku limodzi lokha, ndipo munthu wa zaka 17 pantchito n'zokayikitsa kuti alibe tsiku limodzi la tchuthi chake cha pachaka loti alipirire.

A Mbewe a ku Dzivarasekwa:

Ndiloleni ndiyankhe za notisi ya miyezi itatu, chifukwa ineyo ndinaimva m'thupi. Pa 17 Julayi 2015 khoti la Supreme linagamula mlandu wa kampani ya Zuva Petroleum kuti olemba ntchito akhoza kuthetsa kontirakiti pongopereka notisi, ndipo m'masabata otsatirawo anthu zikwizikwi tinalandira makalata, ine pamodzi nawo, titagwira ntchito zaka zambiri popanda mlandu uliwonse. Mfuu unakula kotero kuti mu Ogasiti chaka chomwecho nyumba ya malamulo inasintha Labour Act kuti itseke khomo limenelo, ndipo mu 2023 lamulolo linakonzedwanso. Abwana ambiri anatsalira mu Julayi 2015 ndipo amaganiza kuti miyezi itatu yotchulidwa mu gawo 12 ndi chilolezo chochotsera aliyense, pamene iyo ikungonena kutalika kwa notisi pa nthawi imene pali njira yovomerezeka yothetsera ntchito. Kwa munthu wa kontirakiti yopanda malire ngati bambowa, olemba ntchito angadzere pa mgwirizano wolembedwa umene mwini wake wavomera, pa mlandu wotsimikizika utamvedwa, kapena pa ndondomeko yochepetsa antchito imene ili ndi malipiro akeake.

Za kalata yosiya okha, mwanawe, usayerekeze. Munthu akasaina chifukwa choopsezedwa akhoza kukadandaula kuti anakakamizidwa, ndipo ali ndi zaka ziwiri zoti akatule nkhaniyo kwa ofisala wa zantchito. Tsiku limenelo abwana adzanena kuti iwo za mapepala sazidziwa, amene analemba ndi kusainitsa ndi mtsikana wa mu ofesi. Chimodzimodzi deti labodza lija, dzanja lidzakhala lako.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri a Phiri, a Nabanda ndi a Mbewe. Nditawerenga mayankho anu ndinafufuza m'kabati ya mayi anapuma aja ndipo sindinapezemo malamulo a mwambo a kampani, choncho mawa ndiimbira foni ku NEC kuti andiuze ngati a gawo lathu alipo. Madzulo ano ndinalembera abwana imelo, mwaulemu ndithu, yofotokoza kuti kalata ya deti la m'mbuyo sindingailembe, ndiponso kuti njira yotetezera kampani ndi kumva mlanduwo bwinobwino. Sanakondwe, ndipo anandifunsa ngati ndimagwirira ntchito iwo kapena anthu akwathu, mawu amene andipweteka kuposa mmene ndinaonetsera. Komabe avomera kuti pakhale hearing, koma akufuna kuti wapampando akhale kapitawo yemwe uja ndipo ine ndilembe zokambidwa. Apa ndiye ndasokonezekanso, chifukwa kapitawoyo ndi amene anapereka masiku asanu, ndiponso ndi amene sanayankhe uthenga. Vuto lina n'lakuti bambowa Chingerezi amamva pang'ono chabe, amamasuka m'Chichewa ndi m'Chishona, ndipo ndikuopa kuti adzangovomera zilizonse chifukwa cha ulemu.

A Phiri a ku Mufakose:

Achemwali, imelo ija isungeni pamalo pena posakhala pa kompyuta ya kuntchito pokha. Kapitawo sangakhale pampando, chifukwa iye ndi mboni yaikulu pa nkhaniyi ndipo ayenera kufunsidwa mafunso za uthenga uja, ndiye munthu sangadzifunse yekha n'kudziweruza yekha. Uzani abwana kuti chigamulo chotuluka pa bwalo lotero n'chosavuta kuchigwetsa ku Labour Court, khoti la za ntchito, mwina akamva za ndalama zimene angadzalipe adzafewa. Apeze manijala wina amene nkhaniyi sinamukhudze, ndipo ngati kampani ndi yaing'ono moti aliyense walowamo kale, akhoza kuitana munthu wakunja wodziwa za ntchito.

Pa za chilankhulo, lembani m'kalata yowaitana kuti ali ndi ufulu wolankhula m'chinenero chimene amamasuka nacho ndipo pakhale womasulira, koma womasulirayo asakhale inu, popeza mukulemba zokambidwa ndiponso abwana akukukayikirani kale. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka mu gawo 6 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013, choncho palibe amene angati mwapempha zachilendo. Bambowo auzidwe kuti abwere ndi pasipoti yawo yoonetsa zidindo za pa malire, kalata ya amfumu kapena ya kuchipatala yotsimikiza imfa, ndi foni ija uthenga usanafufutike. Ndipo masiku atatu a chidziwitso aja muwawerenge a ntchito okhaokha, kuyambira pamene iwo alandira kalatayo m'manja ndi kusainira.