Injini ikunjenjemera galimoto ikaima

Funso:
Akuluakulu, ndili ndi Toyota Corolla ya injini ya 1NZ-FE. Ndikaima pa maloboti, injini imanjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka m'manja, ndipo ndikaponda mafuta imazengereza kaye isanathamange. Mapulagi ndinasintha mwezi watha. Kodi ndiyambire pati?

Yankho loyamba:
Bambo, musagulenso chilichonse musanaiyezetse pa kompyuta. Ikaonetsa nambala yapakati pa P0301 ndi P0304, ndiye kuti silinda imodzi sikuwotcha bwino, ndipo popeza injini imeneyi ili ndi koyilo (chipangizo chotumiza magetsi ku pulagi) pa pulagi iliyonse, sinthanitsani makoyilo awiri kuti muone ngati vutolo lasamukira ku silinda ina.

Yankho lachiwiri:
Yanga inkachita chimodzimodzi ndipo inaonetsa P0171, kutanthauza kuti mpweya ukuchuluka kuposa petulo. Tinapeza paipi ya labala yopita ku throttle body (khomo lolowetsa mpweya mu injini mukaponda mafuta) itang'ambika chapansi, pomwe diso silifika, ndipo munthu akatchera khutu ankamva mpweya ukulowa ngati mluzu. Tsukaninso MAF sensor (chipangizo choyeza mpweya wolowa mu injini) ndi mankhwala ake enieni, koma musaikhudze ndi zala chifukwa timawaya take sitichedwa kuduka.

Yankho lachitatu:
Ngati ikufooka kwambiri pokwera chitunda, ayezenso mphamvu ya pampu ya petulo, chifukwa sefa yake ikatsekeka ndi zinyalala mafuta safika okwanira.