Mulu wa manyowa uja: fungo latha koma sukutentha

Pa funso lija la mulu wa manyowa umene unasiyidwa pamvula mpaka kusanduka matope onunkha, tinati muuphwasule ndi kuthiramo mapesi. Mwatiuzanso kuti fungo latha, koma patha masiku 10 mulu udakali wozizira.

Vuto tsopano ndi lina, mayi. Mapesi amwa madzi aja, koma tizilombo towoletsa zinyalala, timene timatenthetsa mulu, tikusowa nayitrojeni, chakudya chake chopezeka mu zitosi, ndowe ndi masamba aawisi. Unjikaninso mulu wa mita 1 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Wocheperapo susunga kutentha. Pansi yalani timitengo kuti mpweya uzilowa. Pa zidebe 3 zilizonse za zinyalala zouma monga mapesi, thirani chidebe 1 cha zitosi za nkhuku, ndowe kapena masamba aawisi a nyemba. Mapesi muwaduledule ngati chala kutalika, chifukwa athunthu amachedwa kwambiri kuwola.

Finyani manyowawo m'manja: padonthe dontho limodzi kapena awiri basi. Ngati muthiramo phulusa, lisachuluke, limathawitsa nayitrojeni. Pamwamba fundikani udzu wambiri kapena pulasitiki kuti mvula isalowenso.

Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakatha masiku 4 kapena 5 muizule, ikhale yofunda. Ikatero, tembenuzani mulu pakatha masabata 2, zakunja zilowe m'kati.